Akuitanani pa line-up ya chikwati cha chimwenye? Musathamangire ku Kamwala musanafunse

Tinene kuti mnzanu wa ku nchito, uja mumagawana naye chakudya masana, kapena uja munali naye ku koleji, akukwatiwa. Banja lake ndi la chimwenye, lobadwira kuno kwathu komwe, ndipo wakupemphani kuti mukhale mmodzi wa atsikana omuperekeza. Mwakuwa, mwamukumbatira, mwaika na pa status. Manje usiku wafika, tulo takana, funso ndi limodzi chabe: nizavala chani, ndipo nizalipira na chani?

Line-up ya kwathu mumaidziwa. Matron mmodzi, tela mmodzi, nsalu imodzi, masitepe ophunzira mwezi wathunthu, ndipo aliyense afanane ndi mnzake kuyambira wigi mpaka nsapato. Chikwati cha chimwenye sichiyenda choncho. Kunena zoona, nkhani ya ma bridesmaid ovala zofanana si mwambo wakale wa ku India. Kale mkwatibwi ankazunguliridwa ndi azichemwali ake, asuweni ndi anzake, aliyense atavala zake zabwino. Izi za kufanana zinabwerekedwa ku zikwati za chizungu, monga mmene ifenso tinabwerekera. Ndiye palibe lamulo limodzi limene mungaloweze. Lamulo ndi la banja limene lakuitanani, ndipo amene amalowa ndi mutu wa line-up ndi amene amataya malipiro a mwezi pa nsalu yolakwika.

Funso loyamba si la nsalu

Musanaone sitolo iliyonse, funsani mnzanuyo zinthu ziwiri: chikwati ndi cha chipembedzo chiti, ndipo ndi masiku angati. Amwenye ambiri a muno mu Zambia makolo awo anachokera ku Gujarat, kumadzulo kwa India. Oyamba anakhazikika ku Fort Jameson, imene manje ndi Chipata, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ena nadzatsegula masitolo m'matauni a m'mbali mwa njanji. Pakati pawo pali Ahindu ndi Asilamu, ndipo zovala za pa chikwati chawo zimasiyana maningi.

Pa Ahindu yembekezerani masiku angapo. Pali tsiku lopaka mkwatibwi chikasu, limene ambiri amalitcha haldi koma a ku Gujarat amati pithi. Pali mehndi, tsiku lojambula manja. Pali usiku wa nyimbo ndi magule, sangeet, ndipo mabanja a ku Gujarat amakonda garba, gule wozungulira mozungulira, pamodzi ndi dandiya wovina ndi timitengo. Kenako chikwati chenicheni pansi pa mandap, kachisakasa kokongoletsedwa komwe kumakhala moto wopatulika, ndiyeno phwando. Pa Asilamu pali nikah, pomwe ukwati umamangidwa, ndi walima, phwando limene amakonza a kuchimuna. M'mabanja ambiri a Chisilamu amuna ndi akazi amakhala padera, ndipo chovala chiyenera kuphimba mikono, mimba ndi miyendo, mpango uli pafupi kuti muphimbe mutu. Ngati banja ndi la Chisikh, mu gurdwara aliyense amaphimba mutu, amavula nsapato, nakhala pansi, choncho sketi yothina siigwira nchito.

Mwaona kale vuto: masiku anayi kapena asanu, zovala zinayi kapena zisanu? Iyayi mwandi. Funsani kuti ndi tsiku liti limene mkwatibwi afuna kuti mufanane. Kawirikawiri ndi limodzi, mwina awiri. Masiku enawo mumangotsata mtundu umene wanenedwa.

Mitundu imene ili ndi mwini wake

Apa ndi pomwe anthu amagwa. Kufiira ndi kwa mkwatibwi. Musakambe zoti "koma yanga ni maroon", chifukwa pa chithunzi maroon, wine na pinki wakuda zonse zimathamangira ku kufiira, ndipo amayi ake adzaona. Zoyera nazo zisiyeni. Kwa Ahindu ambiri nsalu yoyera yopanda chokongoletsa ndi ya pamaliro ndi akazi amasiye. Pa banja la ku Gujarat pali chifukwa chinanso: mkwatibwi amavala panetar, sari yoyera ya mkombero wofiira, imene mwamwambo amapatsidwa ndi amalume ake, achimwene a amayi ake. Inde, nawonso malume ali ndi mpando wake pa ukwati, monga kwathu kum'mawa. Pambuyo pake amafundidwa gharchola, nsalu yofiira ya mizere ya golide yopingasana, yochokera kwa apongozi. Ndiye mukabwera ndi zoyera ndi zofiira pamodzi, mwavala ngati mwini chikwati. Zakuda anthu achikulire ambiri sazikonda pa mwambo wopatulika, olo kuti pa phwando la usiku mabanja ena salabadira.

Chotsala ndi chambiri: chobiriwira chakuda ngati botolo, buluu wowala, pepo, chikasu chakupsa, mtundu wa pichesi, golide wofatsa. Maganizo anga ndi akuti ngati gulu lanu lili ndi atsikana a khungu losiyanasiyana, ena akuda bii ena oyererako, mitundu yakuya ngati chobiriwira chija kapena buluu imakomera aliyense. Mitundu yofooka ngati beige imakomera ena n'kuzimitsa ena. Koma womaliza kunena ndi mkwatibwi, ndipo ayenera kuyamba wasankha chovala chake iye, imwe mubwere pambuyo. Nchito yanu pa chithunzi ndi kumuonetsa iye.

Tsiku la chikasu musavutike konse. Haldi ndi chikasu chomwe chija cha mu curry, ndipo chikagwera pa nsalu sichichoka msanga. Kadiresi kachikasu ka pa salaula kakwana, kamene simudzalira kakathimbirira.

Kufanana mtundu, osati thupi

Gulu la atsikana asanu lili ndi matupi asanu. Njira imene imagwira bwino ndi iyi: nsalu imodzi, mtundu umodzi, koma aliyense asoketse bulauzi imene thupi lake ndi mtima wake zilola. Lehenga ili ndi zigawo zitatu: sketi yaitali yotambalala, kabulauzi kotchedwa choli, ndi mpango wautali, dupatta. Sketi ilibe vuto kwenikweni, chifukwa imamangidwa ndi chingwe m'chiuno ndipo imalandira mahipi a mtundu uliwonse. Nkhondo ili pa choli. Zambiri zimasiya mimba ndi msana poyera, ndipo si aliyense afuna kuti amayi ake kapena a ku kwaya aone zimenezo pa Facebook. Nenani msanga, musachite manyazi. Choli imatha kusokedwa yaitali kufika m'chiuno, ya mikono, ndipo dupatta imatha kukulungidwa kuti iphimbe mimba. Wina wa mikono yaitali, wina yaifupi, mukaima pamodzi mumaonekabe gulu limodzi chifukwa diso limayamba kuona mtundu.

Pa chikwati cha Chisilamu kusankha kumapepuka: anarkali, diresi lalitali lotambalala lokhala ndi thalauzi mkati, kapena sharara, thalauzi lotambalala ngati sketi lovala ndi malaya aatali.

Manje za kugula. Nsalu yonse ya gulu igulidwe tsiku limodzi, sitolo imodzi, pa mpukutu umodzi. Utoto wa mpukutu wa lero ndi wa mwezi wamawa umasiyana pang'ono olo dzina la mtundu likhale limodzi, ndipo pa chithunzi kusiyanako kumakuwa. Musatumizirane zithunzi pa WhatsApp kuti aliyense akagule payekha, foni iliyonse imanama mtundu wake. Pitani awiri kapena atatu ku Kamwala, tulutsani nsalu panja muione pa dzuwa, muijambulenso ndi flash chifukwa phwando ndi la usiku. Gulani yotsalako pang'ono. Tela akalakwitsa mkono, simufuna kukamva kuti mpukutu uja unatha.

Kumbukirani na nyengo. Velvet ndi silika wolemera mu Okutobala muno mu Lusaka ndi chilango, georgette ndi chiffon zimapepuka ndipo zimauluka bwino povina garba. Mu Juni ndi Julayi, choli ya msana poyera usiku idzakuphunzitsani, pezani shawelo ya mtundu wogwirizana.

Sari: ya mtengo wotsika koma yofuna manja odziwa

Ngati thumba ndi lopyapyala, sari ndi mnzanu, chifukwa sari ilibe saizi. Ndi nsalu yosasokedwa ya mayadi 6, pafupifupi mamita 5 ndi theka, kutalika kwake ngati vitenge vitatu visanadulidwe. Zanuzanu ndi bulauzi ndi pitikoti chabe. Azakhali a mkwatibwi ambiri ali ndi masari odzaza m'kabati, ndipo kubwereka si chamanyazi ngati mwini wake wapereka yekha kapena mnzanuyo wakupempherani. Mukabweza, bwezani yoyera, yopindidwa bwino, ndipo funsani musanaichape, silika ndi madzi a surf sizigwirizana.

Koma sari si chitenge, musadzinamize kuti mudzaikulunga nokha m'mawa wa chikwati mutaonera vidiyo imodzi. Imafuna mapindo ofanana kutsogolo, pitikoti yomangidwa molimba kuti inyamule kulemera konse, ndi mapini ambiri. Palinso mavalidwe awiri amene gulu liyenera kugwirizana. Ofala kwambiri ndi oti mchira wa sari, pallu, upite pa phewa la kumanzere n'kulendewera kumbuyo. A ku Gujarat amauchotsa kumbuyo, n'kuudutsa pa phewa la kumanja kuti maluwa ake aoneke kutsogolo. Atatu akavala uku, awiri uko, chithunzi chasokonezeka. Pemphani kuti munthu mmodzi wodziwa akuvalikeni nonse, ndipo mumupatse nthawi yokwanira, osati mphindi zisanu galimoto ikuliza hutala panja. Sari yatsopano ipite kaye kwa tela aisoke m'mphepete ndi kuika kansalu kolemeretsa kumunsi, kamene amati fall, kuti igwe bwino ndi kusang'ambika ndi chidendene cha nsapato.

Za ba tela: wanu uja wa mu komboni amene amakusokerani vitenge bwino bwino akhoza kusoka choli, koma mupatseni chitsanzo chenicheni m'manja, osati chithunzi. Choli imagwira thupi ngati khungu, ndipo ikathina pang'ono simukweza mkono. Muuzeni asiye nsalu yokwanira mkati mwa msoko kuti ngati mwanenepako itambasulidwe. Poyesa sketi valani nsapato zimene mudzavale tsikulo. Ndipo ganizirani ichi: mu kachisi, mu gurdwara ndi pa mandap nsapato zimavulidwa. Mukayesera pa chidendene chachitali maningi, mukavula sketi idzakwekwereza pansi, muiponde pamaso pa anthu. Chidendene chapakati, kapena nsapato zafulati zopetedwa zotchedwa jutti, zimathetsa mlandu. Jutti zatsopano zimaluma, ziyendereni m'nyumba masiku angapo.

Ofuna kuitanitsa ku India pa intaneti, yambani miyezi iwiri kapena itatu chikwati chisanafike. Ma lehenga ambiri amabwera osokedwa theka, ndiye tela mudzamufunabe, ndipo pa mtengo umene mwaona muwonjezere wotumizira ndi msonkho wa pa kasitomu. Itanitsani zonse pa oda imodzi, pa chifukwa cha utoto chomwe chija.

Zokongoletsa zina zili ndi tanthauzo

Gwirizanani chinthu chimodzi poyamba: golide kapena siliva. Yang'anani ulusi wopetera pa nsalu yanu, umenewo ndiwo ukuuzeni. Zikatero simufunika kugula seti imodzi nonse. Masikiyo a jhumka, aja onga kabelu, ndi zibangili zingapo zakwana. Ngati khosi la choli lapetedwa kale, mkanda wolemera ndi kutaya ndalama, futi mkanda waukulu ndi wa mkwatibwi. Jhumka zolemera zimakoka khutu, ndiye funani zokhala ndi katcheni kokolowekera m'tsitsi kuti kanyamule kulemera.

Maang tikka, kokongoletsa kolendewera pamphumi, kamakolowekedwa pa mzere wapakati wa tsitsi. Imwe a mawigi ndi ma braids, mvetsetsani apa: uzani wokuluka kapena wokuikani wigi kuti mzere ukhale pakati, osati pambali, ndipo kamangeni ndi mapini a tsitsi awiri opingasa. Mukavina garba kopanda mapini, kadzathera kukhutu.

Zibangili za chimwenye zili ndi masaizi ake: 2.4, 2.6, 2.8. Manambalawa ndi kukula kwa mkati mwa chibangili, 2.4 ndi pafupifupi masentimita 5.7, 2.6 ndi masentimita 6, ndipo 2.8 ndi pafupifupi 6.4. Zilibe chotsegulira, zimadutsa pa dzanja, choncho yesani musanagule ndipo musagulire mnzanu mongoganiza. Zikavuta kulowa, valani kapulasitiki kudzanja kapena pakani mafuta, zimatsetsereka. Zagalasi zimalira bwino koma zimasweka n'kucheka.

Manje izi musazikhudze olo zikongole bwanji mu sitolo. Mangalsutra, mkanda wa timikanda takuda ndi golide, ndi umene mkwati amaveka mkazi wake pa chikwati cha Chihindu. Sindoor, ufa wofiira wopaka pa mzere wa tsitsi, ndi chizindikiro cha mkazi wokwatiwa, chimodzimodzi mphete za ku zala za kumapazi. Chooda, mulu wa zibangili zofiira ndi zoyera, ndi wa mkwatibwi wa ku Punjab. Kuvala izi kuli ngati kufika pa chikwati cha mnzanu mutavala velo. Bindi, kadontho ka pamphumi, pa chikwati cha Ahindu ambiri amakondwera mukavala, mwina adzakumatikani okha. Pa chikwati cha Asilamu kasiyeni.

Mehndi pa khungu lathu

Henna weniweni ndi masamba osinjidwa, phala lake ndi lobiriwira mofiirira. Mukachotsa, chojambulacho chimayamba ngati lalanje, n'kumada pang'onopang'ono tsiku limodzi kapena awiri, ndipo chimakhala sabata imodzi mpaka atatu. Pa khungu lakuda chimaoneka bwino m'zikhato ndi ku zala, kuseri kwa dzanja chimabisala. Apa ndi pomwe wina adzakuuzani kuti "ikani yakuda, ndiye ioneka". Kanani. Imene amati black henna kawirikawiri imasakanizidwa ndi PPD, mankhwala a mu utoto wa tsitsi, ndipo pa anthu ena imatulutsa matuza ndi kusiya zipsera zotsata maluwa onse a chojambulacho. Pemphani henna wachilengedwe, chojambula cha mizere yokhuthala, ndipo musiyeni pa dzanja maola angapo musanachotse. Valani chovala cha mikono yaifupi tsikulo, idyani ndi kupita ku chimbudzi musanayambe, chifukwa manja adzakhala opanda nchito. Zojambula zofika m'zigongono ndi kumapazi ndi za mkwatibwi. Ngati mumagwira nchito yophika kapena ya ku chipatala komwe amayang'ana manja, funsani ba bwana musanajambulitse, Lolemba chidzakhala chikadalipo.

Nkhani imene aliyense amaopa kuyamba

Ndani alipira? Funsani sabata yoyamba, pa awiri, osati mu gulu la WhatsApp momwe aliyense amanamizira kuti ali nazo. Mabanja ena amagulira atsikana zovala ngati mphatso. Ena amagula nsalu, imwe mulipire tela. Ena amasiya zonse kwa imwe. Zonsezi ndi zachilendo ayi, choipa ndi kudziwa mochedwa. Ngati mtengo wapitirira mphamvu zanu, nenani poyera: "Mwandi nifuna kukuperekeza, koma apa sinikwanitsa, tingachite bwanji?" Mnzanu weniweni adzapeza njira, mwina sari ya azakhali ija. Kaloba chifukwa cha chovala cha tsiku limodzi, ameneyo ayi. Chikwati chidzatha Loweruka, wa kaloba adzakhala akugogoda mpaka Khirisimasi. Ngati muli mu chilimba, pemphani kusinthana mwezi ndi mnzanu.

Ndalama ziikeni pa chovala cha tsiku lalikulu. Sketi ya lehenga yomweyo, ndi bulauzi ina ndi mpango wina, ikhoza kubweranso pa phwando, ndipo pambuyo pake idzagwira pa kitchen party ndi katopu wamba. Za envelopu ya mphatso, Ahindu amakonda ndalama yothera ndi 1, monga K101 kapena K501, ndiye sungani kakobiri ka K1.

Usiku wa chikwati chisanafike, sitani zonse malaiti akadalipo, ndi ayironi yofunda pang'ono, kansalu kena pamwamba. Neti ndi georgette zimasungunuka, ayironi ya makala isayandikire. Tsikulo samalani dupatta pafupi ndi tinyali ta mafuta ndi moto wa pa mandap, imangeni ndi pini paphewa isauluke. Mu potli, kachikwama kansalu komanga ndi chingwe, ikani mapini, singano yokhala ndi ulusi kale, ndi pulasitala wa chidendene. Idyaniko musananyamuke ngati ndinu a nyama ndi kabotolo: zikwati zambiri za Ahindu a ku Gujarat ndi za zamasamba zokha, ndipo pa Asilamu mowa kulibe.

Mmodzi mwa imwe anyamule chikwama chachikulu, chifukwa pali nchito imene potli siingakwanitse. Mkwati akavula nsapato kuti alowe pa mandap, azichemwali ndi anzake a mkwatibwi amaziba n'kuzibisa, a kuchimuna akulondera kuti zisabedwe. Masewerawa amatchedwa joota chupai, ndipo mkwati sazipeza nsapato zake mpaka atalipira. Funsani asuweni a mkwatibwi kuti pulani ili bwanji, musankhe wothamanga amene wavala zafulati, ndipo pokambirana mtengo musagonje msanga. Aliyense wa ku Kamwala amadziwa kuti mtengo woyamba si womaliza.